Makilomita Awiri a M'malire: Atifunse Eni Ake

Munda umene ndimalima uli pamtunda kuno ku Tsangano, pamalo poti tambala akalira ku Malawi ifenso timadzuka. Anaswa mphanje ndi agogo a amayi anga. Manda a mtundu wathu ali kumunsi kwake, pansi pa misuku. Mundawu unatidyetsa nthawi ya Apwitikizi, unagona tsala zaka za nkhondo ife tili kothawira ku Ntcheu, ndipo titabwerera mu 1993 tinaupeza pomwepo, tinalambula thengo n'kuyambanso kubzala chimanga ndi kachewere. M'mudzi muno mulibe munthu amene angaime pabwalo n'kunena kuti sadziwa mwini wa munda umenewu.

Tsiku lina ndinapita kukafunsa za chikalata cha malo, chija amachitcha DUAT. Mkulu amene ndinamupeza anatambasula mapu, anayeza ndi chala, n'kunena kuti: "Pepani bambo, munda wanu uli m'kati mwa makilomita awiri kuchokera pamalire. Chikalata sichingatuluke." Ndinafunsa kuti nanga mundawo ndi wa yani. Iye anati ndi wa boma. Ndinafunsanso kuti kodi boma linaswa liti mphanje kumeneko. Anaseka, inenso ndinaseka, koma njira yonse yobwerera kumudzi sindinayankhule ndi munthu.

Mkulu uja sindimuimba mlandu. Sanandinamize, sanandipemphenso kanthu. Anangowerenga zimene zinalembedwa. Mlandu wanga uli ndi cholembedwacho, ndiponso ndi chizolowezi cha dziko lino chogamula nkhani za nthaka eni ake ali kudimba. Ndalembera inu abale anga a ku Tsangano ndi a ku Macanga amene minda yanu yatsamira malire, kuyambira ku Biriwiri mpaka kumapiri a Dzalanyama, pakuti vuto langali ndi lanunso, kungoti ambiri simunapite kukafunsa. Chimene ndikunena ndi ichi: mkangano wa minda ya m'malire uthe, kutha kwake kulembedwe m'malamulo aakulu a dziko, ndipo zikalembedwa asadzazisinthe munthu popanda voti ya anthu onse.

Tiyambe ndi kuyamika, chifukwa choyamika chilipo. Malamulo aakulu oyendetsera dziko la Mozambique, amene pa Chipwitikizi amati Constituição, pa ndime 109 amanena kuti nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa, siiperekedwa chikole pa ngongole, ndipo kuigwiritsa ntchito ndi ufulu wa anthu onse a dziko lino. Mfundo yoti nthaka ndi ya boma inabwera ndi ufulu mu 1975, inakhalabe mu 1990, ndipo ilipo m'malamulo a 2004 amene tikuyendera. Pa ndime 111 boma limalonjeza kulemekeza ndi kuteteza malo amene munthu anawapeza mwa cholowa kapena mwa kukhalapo. Lamulo la nthaka, nambala 19/97, la pa 1 Okutobala 1997, linamasulira lonjezo limeneli momveka bwino. Amene anapeza malo mwa mwambo wa kwawo ali ndi ufulu wonse pa malowo. Mmozambique amene wakhala akulima malo mwachilungamo kwa zaka khumi ali nawonso ufuluwo. Kusowa pepala sikuchotsa ufulu. Pamlandu, umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi ndi wokwanira. Cholowa sichisankha mwana wamwamuna kapena wamkazi. Ndipo wobwera kudzapempha malo sangapatsidwe asanafunsidwe anthu a pamudzipo. Anthu ambiri analiyamikira lamuloli, ndipo sanalakwe.

Koma dengu limeneli lili ndi chiboo pansi, ndipo chiboocho chinalunjika pa ife. Ndime 111 ija, itatha kulonjeza, imapatula malo amene lamulo lawasungira boma. Tsono lamulo la nthaka pa ndime 8 limatchula malo otetezedwa: m'mbali mwa misewu, m'mbali mwa njanji, mozungulira madamu ndi misasa ya asilikali, ndiponso mzere wa makilomita awiri m'mbali mwa malire a dziko a pamtunda. Ndime 9 imamaliza nkhani: m'malo oterewa munthu sangapeze DUAT. Chimene chingatuluke ndi chilolezo chapadera chogwirira ntchito inayake basi. Choncho ufulu umene mlimi wa ku Ulongwe kapena wa pa Furancungo ali nawo chifukwa choti makolo ake analima pamenepo, ine ndi inu a m'malire sitingaulembetse, ngakhale makolo athu analima zaka zomwezo ndi makasu omwewo.

Tiwerengetse pang'ono. Mukayenda kilomita imodzi motsata malire, ndiye kuti mwadutsa mahekitala 200 a mzere umenewu. Makilomita khumi ndi mahekitala 2,000. Ganizirani kutalika kwa malire a Tsangano ndi a Macanga, muonjezere a Angónia amene ali pakati pathu, muone kuchuluka kwa nthaka imene tikunena. Ndipo iyi si nthaka ya afisi. Ndi pamtunda pozizira pamene pamachokera kachewere wodyedwa ku Tete, ku Beira ndi ku Blantyre, tirigu, kabichi, tomato, nyemba, ndiponso kumbali ya Macanga fodya ndi chimanga. Muli midzi, matchalitchi, masukulu, zigayo ndi manda. Amene analemba makilomita awiriwo mwina ankaganiza za malire a thengo lopanda anthu. Akanafika pa Lizulu tsiku la msika, pamene mbali imodzi ya msewu ndi Malawi ndipo inayo ndi Mozambique, akanaona kuti kuno malire ndi pamene pamadzaza anthu.

Funso langa ndi lakale: anapeza mnzake ndani, malire kapena anthu? Malirewa anabadwa pa 11 Juni 1891, pamene Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano lawo. Kuno kwathu anatsata msana wa mapiri: madzi otsikira ku Zambezi n'kukhala a Chipwitikizi, otsikira kunyanja ndi ku Shire n'kukhala a Chingerezi. Mvula ndiyo inawathandiza kugawa, osati munthu wa kuno. Achewa anali kale muno zaka mazana, pansi pa Undi ndi mafumu ake, ndipo mpaka lero timapita ku Kulamba ku Mkaika pamodzi ndi abale a ku Malawi ndi ku Zambia. Angoni a Maseko anali atakhazikika kale ku Domwe, ndipo mzere uja unawadula pakati, ena kuno, ena kwa Gomani ku Ntcheu. Ife sitinapite kukamanga pafupi ndi malire. Malire ndiwo anabwera kudzagona pakhomo pathu. Nanga bwanji mlendoyo lero akutiuza kuti tisendere makilomita awiri?

Mawu akuti "malo ndi a boma" akulu athu awamva m'zinenero zingapo, ndipo kawirikawiri akamveka, wina amasenza mtolo. Ku Macanga m'zaka za m'ma 1800 kunalamulira banja la a Pereira, mpaka Apwitikizi anagonjetsa dzikolo mu 1902, ndipo onsewo ankatenga msonkho kwa anthu amene anawapeza. Pambuyo pake azungu anadzitengera madambo abwino a pamtunda pano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 asilikali a Chipwitikizi anasonkhanitsa anthu a ku Tete m'midzi ya mpanda kuti asadyetse omenyera ufulu. Ufulu utabwera, minda ya azungu othawa aja siinabwerere kwa ana a amene anailandidwa. Inasanduka munda wa boma wa CAIA, umene akulu a ku Ntengo-wa-Mbalame amaukumbukira bwino. Kenaka inabwera midzi ya pamodzi, kenaka nkhondo, mpaka mtendere wa ku Roma wa pa 4 Okutobala 1992. Pa zonsezi, ndi liti pamene anthu a kuno anafunsidwa? Ndikadandaula za makilomita awiri sindikulota ayi. Ndikukumbukira.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukunena: "Nanga wakuthamangitsa ndani? Si ukulima chaka ndi chaka?" Zoona, palibe amene wandithamangitsa. Koma kusathamangitsidwa si umwini. Mbuzi imene sinagwidwe ndi fisi usiku wathawu sikuti ili m'khola. Taonani zimene zinachitika kufupi konkuno ku Moatize. M'zaka za 2009 ndi 2010 mabanja oposa 700 anasamutsidwira ku Cateme, pafupifupi makilomita 40 kuchokera m'tauni ya Moatize, kuti kampani ya Vale ikumbe malasha. Anthu amenewo sanali m'malire. Ufulu wawo pa nthaka unali wodziwika m'malamulo, komabe anakapezeka pa nthaka youma, kutali ndi msika, m'nyumba zimene zina zinayamba kung'aluka. Mu Januwale 2012 anakatseka njanji ya malasha kuti amvedwe, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho m'pamene boma linatulutsa malamulo a kasamutsidwe ka anthu. Ngati zinatero kwa anthu amene lamulo linali kumbali yawo, zidzatha bwanji kwa ife amene lamulo limati sitingakhale ndi DUAT n'komwe? Pokambirana chipukuta misozi tidzayambira pati?

Chimene chimandiwawa koposa ndi chilolezo chapadera chija. Lamulo latseka khomo kwa mwini mudzi, koma lasiya zenera kwa wodziwa kulemba kalata yopempha. Ndani amadziwa ofesi imene chilolezo chotere chimatulukira? Ndani ali ndi galimoto yopitira ku Tete kangapo, ndi ndalama yolipira woyeza malo? Si mayi wamasiye wolima nyemba kuseri kwa phiri. Ndi munthu wofuna kumanga nkhokwe ya katundu pafupi ndi chipata cha malire, kapena wofuna kudzala mitengo mahekitala mazana, kapena wofufuza miyala. Iye adzabwera ndi pepala la chidindo, mayi uja adzabwera ndi mboni zake zokalamba, ndipo adzauzidwa kuti umboni wanu ndi wabwino, koma pano si pamalo poti munthu n'kukhala ndi ufulu. Lamulo limene linalembedwa kuti liteteze malire likhoza kusanduka chikwanje cholambulira njira munthu wachuma.

Tsono wina anganene kuti aphungu athu akhoza kungokonza ndime 8 ija mawa, nkhani n'kutha. Akhozadi, ndipo ndingakondwe atatero. Ntchito yolembanso lamulo la nthaka inayambika mu 2020, ndipo mu Novembala 2022 nduna za boma zinavomereza ndondomeko yatsopano ya za nthaka. Koma chimene aphungu apereka lero, aphungu ena akhoza kuchilanda mawa. Ngakhale malamulo aakulu enieniwo sali otetezeka monga ambiri timaganizira. Nyumba ya Malamulo ku Maputo ili ndi aphungu 250. Kuti ndime ya malamulo aakulu isinthidwe pamafunika magawo awiri mwa atatu, ndiye kuti anthu 167. Pali mitu ina imene singasinthidwe popanda riferendamu, ndiko kuti voti imene anthu onse amayankha funso limodzi kuti inde kapena ayi. Pa mndandanda wa mituyo pali umodzi wa dziko, kulekana kwa boma ndi zipembedzo, ufulu wa zipani, kudziimira kwa oweruza milandu, ufulu wa anthu apantchito. Nthaka siitchulidwa ndi dzina. Chinthu chimene chimadyetsa anthu ambiri a dziko lino chikhoza kusinthidwa madzulo amodzi ndi anthu 167, ife tikupalira.

Musaganize kuti izi n'zongoopseza. Mu 2018 aphungu anasintha malamulo aakulu, ndipo mwa zina analemba kuti mu 2024 kudzakhala zisankho za m'maboma aang'ono, kuti anthu a ku Tsangano ndi a ku Macanga tidzasankhe tokha otiyang'anira. Mu 2023 aphungu anasinthanso ndime yomweyo, chaka chija n'kuchifufuta. Polemba sanatifunse, pofufuta sanatifunsenso. Ndime 136 ya malamulo aakulu imalola riferendamu, imalongosola ndi kayitanidwe kake komwe, koma chilandirire ufulu mu 1975 dziko lino silinachitepo riferendamu ngakhale imodzi. Khasu limeneli linasulidwa, linapachikidwa padenga, ndipo silinalawe dothi.

Kwina mikangano yotere inatha ndi voti. Ku America, m'chigawo cha New York, kuli nyanja yaing'ono yotchedwa Raquette Lake m'mapiri a Adirondack. Kwa zaka zoposa 100 boma la chigawocho linkakanganirana ndi anthu malo oposa 200. Boma linkati malowo linawatenga kalekale pa nkhani ya misonkho, ndipo ndi nkhalango yotetezedwa. Eni nyumba ankati makolo awo anagula, ndipo iwo akhala akulipira msonkho. Milandu inkapita kukhoti umodziumodzi, wina kupambana, wina kugonja, osatha. Malamulo aakulu a chigawocho amaletsa boma kutaya nthaka ya nkhalango, choncho panalibe nduna kapena phungu amene akanatha nkhaniyo payekha. Pa 5 Novembala 2013 funsolo linaperekedwa kwa ovota, ndipo anavomera kusintha malamulo aakuluwo: boma lisiye kulimbirana malowo, ndipo m'malo mwake nkhalango ipatsidwe nthaka ina. Ku Kenya, pa 4 Ogasiti 2010, anthu anavotera malamulo aakulu atsopano amene anagawa nthaka patatu, ya boma, ya midzi ndi ya munthu payekha, n'kunenanso kuti mlendo wakunja asabwereke malo kupitirira zaka 99. Sindikunena kuti ku Kenya milandu ya malo inatheratu. Ndikunena kuti maziko ake anaikidwa ndi manja a eni dziko.

Tsopano ndiyankhe onditsutsa, pakuti alipo ndipo ena ndi anzeru. Oyamba amati makilomita awiriwo ndi a chitetezo: malire amafuna malo oyendamo apolisi, oletsera ozembetsa katundu ndi akuba ng'ombe. Ndikuvomera kuti boma lisunge kamzere koyendamo olondera, malo a zipilala za malire, ndi malo a zipata monga cha Biriwiri. Zimenezo zimafuna mamita owerengeka, osati makilomita awiri. Ndipo ndifunse: ng'ombe zikaoloka usiku, amayamba kuona mapazi ake ndani? Chipilala cha malire chikagwa, amakauza amfumu ndani? Malire amalonderedwa ndi anthu amene ali ndi chowawa nacho pamenepo. Munthu amene mwamuuza kuti munda wake si wake, mwamuuzanso kuti malirewo si ake. Boma lomweli limatiwerenga pa kalembera, limatilemba m'kaundula wa voti, limatumiza aphunzitsi m'midzi yathu. Likudziwa kuti tilipo. Lingovomereza pa pepala chimene maso ake akuona.

Achiwiri amati anthu akumudzi sangamvetse nkhani za malamulo aakulu, adzangovota mwachimbulimbuli. Awa ndimawayankha ndi zimene ndinaona ndekha. Pa 14 Juni 1993 ambiri a ife tinali tikadali kothawira ku Ntcheu ndi ku Dedza. Tinaona amayi osadziwa kulemba dzina lawo ataima pamzere kuyambira mbandakucha, kusankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, chipani chimodzi kapena zipani zambiri. Panalibe amene anasokonezeka. Aliyense ankadziwa chimene akufuna, ndipo dziko linasintha. Ngati abale athu a tsidya ilo anatha kuyankha funso la kayendetsedwe ka dziko lonse, ife tingalephere funso la munda? Mayi amene amadziwa malire a munda wake mpaka pa chitsa ndi pa chulu, amene amakumbukira kuti dambo ili anabwereka ndani chaka cha dzombe, ndiye katswiri wa nkhaniyi. Chimene chimasowa si nzeru. Chimasowa ndi funso lolembedwa m'Chinyanja chomveka, lowerengedwa pa wailesi ndi pabwalo la amfumu nthawi ikadalipo.

Achitatu amati voti ya kuno imabedwa, ndiye riferendamu ingathandize chiyani? Awa sindingawaseke. Tonse tinaona mkangano umene unatsatira zisankho za mu Okutobala 2024, ndi anthu amene anataya miyoyo m'misewu. Koma mbava zikaba m'nkhokwe sitileka kulima, timakonza nkhokwe. Riferendamu ilinso ndi ubwino wake: palibe munthu amene akupikisana kuti apeze mpando, ndipo pa funso la munda wa makolo, wa Frelimo, wa Renamo, wa MDM ndi wa Podemos a m'mudzi umodzi akhoza kuima pamodzi poyang'anira kuwerenga. Malamulo amanenanso kuti zotsatira zake zimagwira ntchito pokhapokha atavota anthu oposa theka la olembetsa, choncho kagulu kochepa sikangagamule mwakachetechete. Ndipo ngakhale voti yathu ili yodwala, kodi n'kwabwino kusiyira anthu 167 okha, amene anatuluka m'voti yodwala yomweyo?

Achinayi ndi amene ndimawamvera kwambiri. Iwo amati mukatsegula nkhani ya nthaka, olemera adzalowetsamo zawo, adzati nthaka izigulitsidwa ngati njinga, ndipo chaka cha njala osauka adzagulitsa minda ndi thumba la chimanga. Mantha amenewa ndi anganso. Tinaona ku Malawi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mmene malo a midzi ku Kasungu ndi ku Mchinji anasandukira maesiteti a fodya, eni dera n'kusanduka matenanti. Tikudziwa za thangata la ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ine sindikupempha kuti nthaka izigulitsidwa. Ndime 109 ikhale mmene ilili. Koma taganizani bwino: lero, amene akufuna kuti nthaka izigulitsidwa akufunika kukopa anthu angati? Anthu 167 okha, okhala mumzinda umodzi, odyera m'mahotela amodzi. Nthaka ikaikidwa pa mndandanda wa riferendamu, adzafunika kukopa mamiliyoni a alimi kuyambira ku Rovuma mpaka ku Maputo. Voti si khomo lolowera ogula malo. Ndi mpiringidzo wake.

Choncho zopempha zanga ndi zitatu, ndipo ndi zazifupi kuti aliyense azisunge pamtima. Choyamba, banja kapena mudzi umene unali kale m'kati mwa makilomita awiri a m'malire, mwa mwambo kapena mwa kukhalapo, uzindikiridwe kuti uli ndi ufulu wofanana ndi wa Mmozambique wina aliyense, ndipo boma lisunge kamzere kochepa kokha ka ntchito za malire. Chachiwiri, ndime 109, 110 ndi 111 ziikidwe pa mndandanda wa mitu imene singasinthidwe popanda riferendamu. Chachitatu, zikalata zikamadzatuluka zitsate mwini weniweni. Kwa Achewa a ku Macanga ndi kwina kumene mwamuna amakhala chikamwini, munda ndi wa mbumba. Pepala lisadzalembedwe dzina la mkamwini yekha chifukwa choti ndiye amadziwa Chipwitikizi, mawa ukwati ukatha n'kunyamuka nalo. Lamulo limalola kulemba maina angapo pa chikalata chimodzi, limalolanso chikalata cha mudzi wonse. Tisachotse munda m'manja mwa boma n'kuuponya m'thumba la mlamu.

Nthawi yonenera ndi ino. Pa 5 Malichi 2025 Pulezidenti Daniel Chapo ndi atsogoleri a zipani anasainirana pangano la zokambirana za dziko lonse, ndipo kuunikanso malamulo aakulu ndi umodzi wa mitu yake. Anthu a m'mizinda adzapitako ndi zawo: mipando, zisankho, mphamvu za abwanamkubwa. Za makilomita awiri sadzazitchula, chifukwa sagona m'menemo. Tikapanda kunena ife, palibe adzanene. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Poyambira pake si patali. Anyakwawa ndi amfumu, itanani anthu, mulembe mabanja onse amene minda yawo ili m'kati mwa mzerewu, chaka chimene anafika, ndi mboni zawo, amuna ndi akazi, nkhalamba zikadali moyo. Aphunzitsi ndi akatekisiti, werengerani anthu ndime zimene ndatchulazi m'chinenero chawo, kuti wina akadzati "malo ndi a boma" adzayankhidwe kuti werenganinso ndime 111. Magulu a alimi a kachewere ndi a fodya, ikani nkhaniyi pa misonkhano yanu pambali pa mitengo ya feteleza. Ndipo phungu aliyense wa chigawo cha Tete akadzafika ndi galimoto yake kudzapempha voti, musamufunse za chitenje kapena kapu. Mufunseni pamaso pa anthu kuti: kodi mudzaimirira ku Maputo kunena kuti nthaka isasinthidwe popanda kutifunsa? Ayankhe inde kapena ayi, monga momwe ifenso tikufunira kudzayankha.

Ine chaka chino ndalimanso munda uja. Mizere ya kachewere yafika mpaka pamsuku wa kumanda, pamene agona amene anaswa mphanje. Mdzukulu wanga wamkazi ndiye amandithandiza kukwezera, ndipo tsiku lina anandifunsa kuti agogo, mundawu udzakhala wanga? Ndinamuyankha kuti inde. Ndikufuna dziko langa lidzayankhe chimodzimodzi, ndipo lidzayankhe ndi voti.